Chaka cha munda wa mpesa ku Mangochi: kudulira kawiri, kukolola kamodzi

Kumadera ozizira monga ku Stellenbosch ku South Africa, mpesa umagona. Ikafika Meyi ndi Juni masamba amayoyoka, mtengo umakhala ngati wauma, alimi amadulira mu Julayi kapena Ogasiti, kenaka umaphuka mu Sepitembala n'kudzakololedwa kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka Malichi. Kumeneko mvula imagwa nthawi yachisanu, ndiye mphesa zimapsa kuli dzuwa. Kuno kwathu sizili choncho. Madera a kunyanja m'boma la Mangochi ali pansi, pafupifupi mamita 500 okha kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuzizira kwa Juni sikukwanira kugonetsa mpesa. Mukautsata kalendala wa ku Stellenbosch, mphesa zanu zidzapsa mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ili pakati, ndipo zidzang'aluka ndi kuwola musanalawe.

Ndiye mlimi wa kuno ndi amene amauikira mpesa nyengo, pogwiritsa ntchito chodulira ndi madzi. Njira yake ndi kudulira kawiri pa chaka koma kukolola kamodzi: kudulira koyamba mu Okutobala kuti mukonze nthambi, kwachiwiri mu Epulo kuti mubereketse, ndipo kukolola kumagwa mu Sepitembala kuli gwa. Alimi a ku Nashik ku India, komwenso kumatentha ndipo mvula imagwa nyengo imodzi, amachita chimodzimodzi, kungoti miyezi yawo ndi yotembenuka: iwo amakonza nthambi mu Epulo n'kubereketsa mu Okutobala.

Malangizowa ndi a mpesa wokhwima, wa zaka zitatu kapena kuposa, umene uli kale ndi thunthu ndi mikono iwiri yogonekedwa pa waya pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi. Mitundu imene imapirira kutentha ndi monga Chenin Blanc ya vinyo woyera ndi Syrah ya vinyo wofiira. Ndipo poti m'boma lino ambiri samwa vinyo chifukwa cha chipembedzo, tinene kuti kalendala yemweyu amagwiranso kwa wolima mphesa zakudya kapena za juwisi. Chosiyana ndi tsiku lothyola basi.

Okutobala: kudulira kokonza nthambi

Chaka cha mpesa chiyambireni pano, osati pa maluwa. Chifukwa chake n'chakuti mapava amene mudzakolole mu Sepitembala wa chaka chamawa amapangika mkati mwa maso a nthambi zimene ziphuke tsopano, patatha masiku 45 mpaka 60 chidulireni. Diso likaombedwa ndi dzuwa nthawi imeneyi limasunga phava. Likakhala pamthunzi limangotulutsa kachingwe kokolera pa waya. Mukadulira sabata yoyamba ya Okutobala, masiku amenewo amagwa kumapeto kwa Novembala, mitambo isanatsekeretu kumwamba. Mukachedwa mpaka Novembala, amagwa mu Disembala kapena Januwale kuli chimvula, ndipo mudzadabwa mu Meyi kuona munda wobiriwira bwino koma wopanda maluwa.

Dulani nthambi zonse zimene zinabereka, kusiya kachitsa ka diso limodzi kapena awiri pa mkono. Tizitsa titalikirane ngati kutambalala kwa chikhatho, masentimita 10 mpaka 15. Dulani masentimita awiri pamwamba pa diso, mopendeketsa kuti madzi otuluka pabala asatsikire pa disolo. Chodulira chikhale chakuthwa. Chobuntha chimaphwanya nthambi ndipo bala lotero limachedwa kupola. Mukachoka pa mtengo wooneka wodwala, pukutani chodulira ndi sipiriti musanagwire wina.

Zodulidwazo ndi masamba onse tulutsani m'munda mukatenthe. Musaziunjike patsinde ngati manyowa: zimasunga matenda, komanso zimaitana chiswe, chomwe m'nthaka youma ya chilimwe sichichedwa kupeza thunthu.

Mukatha kudulira thirirani mokwanira tsiku lomwelo. Okutobala wa ku Mangochi tonse timamudziwa, dzuwa limaswa mtengo, ndipo mikono yopanda masamba imapsa khungwa. Mpesa umodzi wobzalidwa pa mpata wa mamita atatu ndi mita imodzi ndi theka umafuna ndowa ziwiri za malita 20 kawiri pa sabata poyambira, ndipo masamba akachuluka mu Novembala muwonjezere. Pa mchenga wa m'mphepete mwa nyanja, monga ku Malindi kapena ku Makanjira, gawani madzi omwewo katatu kapena kanayi, chifukwa mchenga susunga. Phimbirani pansi ndi udzu wouma koma musaugundike ku thunthu. Madzi a mjigo ayambe alawidwa: mijigo ina ya kunyanja ndi ya mchere, ndipo mpesa wothiriridwa madzi otero umayamba kupsa m'mphepete mwa masamba ngati wawauka ndi moto. Madzi a m'nyanja kapena a mu Shire alibe vuto limeneli.

Novembala: kusankha mphukira

Pakatha masiku 10 mpaka 14 maso amatupa n'kuphulika. Mphukira zikafika kutalika kwa chala, sankhani. Pa kachitsa kalikonse siyani imodzi yamphamvu, zina thothani ndi dzanja zikadali zanthete. Zophuka pa thunthu ndi patsinde chotsani zonse. Pa mita imodzi ya waya pasapitirire mphukira 12 kapena 15.

Zina mwa mphukirazi zidzatulutsa timapava ta maluwa. Apa m'pamene alimi ambiri mtima umawavuta. Tichotseni tonse. N'zoona kuti ku Dodoma ku Tanzania amakolola kawiri pa chaka, koma Dodoma ili pamtunda wopitirira mamita 1,100 ndipo mvula yake ndi yochepa. Kuno mphesa za m'dzinja zimakhala zamadzimadzi, zopanda shuga wokwanira vinyo, zimadya mankhwala ambiri, ndipo zimalanda chakudya chimene mtengo ukanasungira zokolola zenizeni.

Chakudya cha nthawi ino ndi dzanja limodzi la CAN, magalamu pafupifupi 50, pa mtengo uliwonse, mutakumba kangalande masentimita 40 kuchokera pa thunthu n'kukwirira. Musapyole apo. Mpesa si chimanga; ukakhuta feteleza wobereketsa umathamangitsa nthambi zonenepa za mfundo zotalikirana, ndipo nthambi zotero maso ake sabereka.

Disembala mpaka Malichi: kuteteza masamba

Miyezi inayi imeneyi simuona chipatso chilichonse, koma ndi imene imafuna thukuta lambiri. Ntchito yake ndi imodzi: masamba afike Epulo ali amoyo, nthambi zitakhwima.

Mangirirani mphukira ku mawaya apamwamba kuti ziimirire, mphepo ndi dzuwa zizidutsa. Mphukira ikafika masamba 12 mpaka 15, tsinani nsonga yake. Ikatero imatulutsa tiana m'khwapa mwa masamba, monga amachitira fodya mukamuthena. Tichotseni, kupatula kamodzi kakunsonga koti kazikoka madzi. Palirani pansi pa mzere, ndipo pakati pa mizere tchetchani udzu ukhale waufupi m'malo mogalauza, kuti nthaka isakokoloke. Tomato, therere ndi fodya musabzale pakati pa mpesa, chifukwa zimachulukitsa tinyongolotsi totupitsa mizu, tomwe timakonda kale nthaka ya mchenga.

Mdani wamkulu wa dzinja ndi nthenda imene alangizi amaitcha downy mildew. Imayamba mvula ya mamilimita 10 kapena kuposa ikagwa masamba n'kukhala onyowa usiku wonse kuli kofunda. Muziyendera munda m'mamawa mukutembenuza masamba. Pamwamba pa tsamba mudzaona banga lachikasu looneka ngati padontha mafuta ophikira; kunsi kwake, pamalo omwewo, pali nguwi yoyera ngati thonje. Pakatha sabata banga limauma, tsamba limagwa. Ina ndi anthracnose, imene imaboola masamba anthete ndi kusiya zilonda zakuda zolowa mkati pa mphukira. Zonse ziwiri mankhwala ake ndi oteteza, osati ochiza, ndiye kupopera kumayamba chizimalupsa chikangogwa, osadikira kuona banga.

Mankhwala a kopa ndi Dithane, omwe alimi a tomato amawadziwa kale, amagwira ntchito. Poperani masiku 10 aliwonse, ndipo mvula yamphamvu ikawatsuka bwerezani kukangoyera. Muyeso tsatani wolembedwa pa paketi. Kamwa la sipuleya lilozetseni m'mwamba kuti mankhwala afike kunsi kwa tsamba, poti nthendayi imalowera kumeneko. Kupopera pamwamba pokha n'kutaya ndalama.

Amene angapeze copper sulphate, mchere wobiriwira ngati thambo uja, atha kudzipangira msakanizo wa Bordeaux. Sungunulani magalamu 100 a copper sulphate m'malita asanu a madzi m'ndowa ya pulasitiki, osati yachitsulo. M'ndowa ina sungunulani magalamu 100 a laimu m'malita asanu. Thirani madzi a kopa mu laimu pang'onopang'ono mukutakasa, osati laimu mu kopa. Kenaka viikamoni msomali watsopano kwa mphindi imodzi: ukatuluka utafiira, kopa wachuluka ndipo atentha masamba, onjezani laimu. Sefani ndi nsalu ndipo poperani tsiku lomwelo. Pa masamba anthete chepetsani kopa ndi laimu ndi theka.

Pofika mu Malichi nthambi ziyenera kusintha kuchoka ku zobiriwira kukhala zofiirira ngati khungwa, kuyambira kutsinde. Phulusa la nkhuni manja awiri pa mtengo mu Febuluwale, kapena feteleza wokhala ndi potashi monga D-Compound wa alimi a fodya, zimathandiza kukhwimitsaku. Masamba akayoyoka msanga chifukwa cha matenda, maso amaphuka okha nthawi isanakwane, ndipo zokolola za chaka chimenecho zapita.

Epulo: kudulira kobereketsa

Dikirani mvula ithe. Kunyanja izi zimakhala chapakati pa Epulo. Kumtunda ngati ku Namwera, komwe kumazizira kwambiri mu Juni, musachedwe dala, kuti maluwa adutse chisanu chisanafike. Usiku wozizira pansi pa madigiri 15 umalepheretsa maluwa ambiri kugwira.

Popeza mpesa wa kuno sugona wokha, muugonetse mokakamiza. Kwa masabata awiri kapena atatu musathirire. Kutatsala sabata imodzi kuti mudulire, pululani masamba onse ndi manja. Kuchotsa masambaku kumadzutsa maso, ndipo mudzaona atayamba kutupa.

Sankhani nthambi zonenepa ngati pensulo, zofiirira, zozungulira bwino. Yopyapyala ngati udzu, yobiriwira, kapena yonenepa kuposa chala chachikulu, iduleni kusiya diso limodzi. Zabwinozo siyani maso atatu mpaka asanu. Chifukwa chosasiyira nthambi yaitali n'chakuti kumalo otentha mpesa umaphukitsa maso awiri kapena atatu akunsonga okha, ena onse n'kukhala duu. Kuti aphuke mofanana, gwirani nthambi ndi manja awiri muipinde pang'ono mpaka mumve kulira kwa khungwa, koma osaithyola. Minda ikuluikulu ya kunja imapaka mankhwala a hydrogen cyanamide pa maso, koma ndi poizoni woopsa amene amawotcha khungu ndipo amadwalitsa kwambiri munthu akamwa mowa atawagwira. Munda waung'ono usawayandikire.

Dulirani munda wonse m'masiku awiri kapena atatu, kuti udzapsenso pamodzi. Lembani tsikulo m'kope, chifukwa masiku onse otsatira muziwerengera kuchokera pamenepo. Kenaka thirirani kwambiri kamodzi, kuti chinyezi chilowe mpaka kuya kwa mkono.

Meyi: mphukira ndi maluwa

Mukadulira pa 15 Epulo, kumapeto kwa mweziwo munda waphuka. Mphukira zikafika masamba asanu timapava timaoneka, ndipo mutha kusiyanitsa yobereka ndi yosabereka. Patulirani ngati munachitira mu Novembala, kusiya zobereka. Mwera umayamba nthawi yomweyi, ndipo mphukira yanthete imathyokera patsinde penipeni mphepo ikaikankha. Imangeni msanga ikangofika pa waya, ndi luzi kapena kansalu, momasuka. Ngati munda uli poyera, mpanda wa udzu kapena mzere wa mitengo kumbali ya kummwera chakum'mawa umapulumutsa zambiri.

Maluwa amabwera masabata asanu kapena asanu ndi limodzi chidulireni. Duwa la mpesa silooneka: ndi kakang'ono kobiriwira, kovala kachipewa kamene kamagwa, n'kusiya timinga toyera tonunkhira bwino. Mitundu ya vinyoyi imadzibereketsa yokha, sidalira njuchi. Sabata ya maluwa musapopere kopa, musathire feteleza, ndipo madzi akhale apakatikati. Nthaka ikauma kwambiri maluwa amayoyoka. Ikanyowa kwambiri mphukira zimathamanga n'kuiwala maluwa. Si duwa lililonse limagwira, ndipo kuona tambiri titagwa pansi si tsoka. Mwa maluwa khumi, atatu kapena anayi akagwira phava limadzaza.

Juni ndi Julayi: mphesa zikukula

Kunja kwauma, downy mildew wachepa, koma m'bale wake powdery mildew ndiye wafika. Ameneyu safuna mvula. Amakonda nyengo yofunda pang'ono ndi mthunzi wa m'kati mwa masamba, ndipo amaoneka ngati munthu wawaza ufa wotuwa pa masamba ndi pa mphesa. Mphesa yogwidwa ikadali yaing'ono khungu lake limauma, ndiye ikamakula imang'aluka mpaka njere kuonekera. Mankhwala ake ndi salufa wosungunula m'madzi, masiku 10 mpaka 14 aliwonse kuyambira mphukira zili ndi masamba asanu. Nthawi yoopsa kwambiri ndi kuyambira pa maluwa mpaka patatha mwezi umodzi. Salufa amatentha masamba kukatentha kupitirira madigiri 30, ndiye poperani m'mamawa kapena madzulo.

Mphesa zikafika kukula kwa nsawawa, chitani zinthu ziwiri. Choyamba, chepetsani mapava. Mphukira yamphamvu, ya masamba 12 kapena kuposa, inyamule phava limodzi kapena awiri. Yofooka isanyamule kanthu. Mtengo umodzi ukapereka makilogalamu awiri kapena atatu a mphesa zakupsa bwino, wagwira ntchito. Mukausenzetsa asanu ndi limodzi, shuga sakwera, mtundu sugwira, ndipo chaka chotsatira umabwezera. Chachiwiri, chotsani masamba awiri kapena atatu ozungulira phava, koma mbali ya kum'mawa yokha. Mbali ya kumadzulo isiyeni yophimbika, poti dzuwa la masana la Sepitembala limawotcha mphesa n'kuzisiya zofiirira ndi zowawa.

Yang'ananinso kodikodi, tizilombo toyera ngati ufa tobisala pansi pa khungwa ndi m'kati mwa phava. Chizindikiro chake ndi nyerere zokwera ndi kutsika pa thunthu, ndi masamba onata akuda. Sendani khungwa lakale lofundukuka ndipo thanani ndi nyererezo, chifukwa ndi zimene zimateteza kodikodi kwa adani ake.

Madzi a miyezi yozizirayi ndi malita 40 mpaka 60 pa mtengo pa sabata, malinga ndi nthaka. Musadalire chiwerengero chokha. Kumbani dzenje lofika m'chigongono pafupi ndi mzere, fumbatani dothi: likagwirana osatulutsa madzi, zili bwino. Nsonga ya mphukira imanenanso: tizingwe take tikaimirira kupitirira nsonga, mtengo wakhuta, tikafota n'kugwa, uli ndi ludzu.

Ogasiti: kusintha mtundu

Chakumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti mphesa zimafewa. Za Syrah zimayamba kuda imodziimodzi, phava n'kukhala lamawangamawanga. Za Chenin Blanc zimachoka ku kubiriwira n'kuyamba kuwala mwachikasu. Kuyambira apa shuga amakwera, kuwawasa kumatsika. Phava lililonse lotsalira m'mbuyo, lobiriwirabe anzake atada, liduleni, chifukwa lidzawawasitsa vinyo yense.

Chepetsani madzi pafupifupi ndi theka kuti mphukira zileke kukula ndipo chakudya chipite ku zipatso, koma musasiyiretu. Cholakwika chofala ndi kuumitsa munda masabata awiri kenaka n'kuthira madzi ambiri tsiku limodzi: mphesa zimamwa mothamanga n'kung'aluka, mavu ndi ntchentche n'kufika, phava n'kuyamba kununkha ngati viniga. Feteleza wobereketsa ayi. Dithane asiyidwe kutatsala miyezi iwiri kuti mukolole, ndipo salufa kutatsala mwezi, chifukwa salufa wotsalira pa khungu amanunkhitsa vinyo ngati dzira lowola.

Nthawi ino kutchire kulibe zipatso zambiri, ndiye munda wanu ndiwo mphika wa apumbwa ndi mbalame zina. Zoopsezera ndi zitini amazizolowera m'masiku atatu. Chothandiza ndi ukonde. Ukonde wakale wa asodzi wa maso aang'ono, wotsukidwa bwino, umagwira ntchito. Uphimbe mzere wonse ndipo umangidwe kunsi, apo ayi mbalame zimalowera pansi. Neti ya udzudzu siyenera, imatsekereza mphepo. Minda yoyandikana ndi mapiri, ngati cha ku Monkey Bay ndi Nankumba, ikufunanso mlonda wa anyani kuyambira m'bandakucha, ndipo mpanda wa mbuzi uyenderedwe, poti m'chilimwe chobiriwira chimakhala mpesa wokha.

Sepitembala: kukolola

Kuchokera pa kudulira kwa Epulo mpaka kukolola pamatenga masiku pafupifupi 130 mpaka 150; Chenin Blanc imatsogola, Syrah imatsatira. Tsiku lenileni limadziwika poyeza. Kawiri pa sabata tolani mphesa 100 m'mitengo yosiyanasiyana, mbali zonse ziwiri za mzere, zina pamwamba pa phava zina kunsi. Zifinyireni m'kathumba ka pulasitiki ndipo madziwo muwayeze. Pa refractometer, kachida koyezera shuga m'madzi a zipatso, vinyo woyera amafuna 21 mpaka 23 Brix (muyeso wa shugayo), wofiira 23 mpaka 25. Ngati muli ndi hydrometer, kagalasi koyandama m'madziwo koyezera kulemera kwake, 1.090 ndi pafupifupi 22 Brix ndipo 1.100 ndi pafupifupi 24.

Lawaninso. Tafunani khungu ndi njere. Njere yobiriwira yowawa ikutanthauza kuti sizinapse. Yofiirira yophwanyika ngati mtedza wokazinga ndiye zafika. Koma chenjerani ndi kutentha kwa kuno: Sepitembala akamapita kumapeto kuwawasa kwa mphesa kumatha msanga, ndipo vinyo wopanda kuwawasa amakhala wozizira m'kamwa komanso sachedwa kuwonongeka. Ndi bwino kuthyola Chenin Blanc pa 21 ikadali ndi kakuwawasa kusiyana ndi kudikira 24. Mukaona mphesa zayamba kukwinyika, shuga amene akukwerayo ndi wa kuuma chabe, thyolani.

Yambani kukangoyera ndipo 9 koloko isanakwane mukhale mutamaliza. Dulani phava ndi sizasi, osakoka. Zowola ndi zoboola mbalame zichotsereni m'munda momwemo. Ikani m'makreti osaya, osapitirira makilogalamu 15 kapena 20, pamthunzi. M'thumba kapena m'ndowa yakuya zapansi zimaphwanyika n'kuyamba kuwira zokha. Zifike kofinyira tsiku lomwelo. Powerengera zotengera, botolo limodzi la mamililita 750 limadya mphesa zoposa pang'ono kilogalamu imodzi.

Masabata atatu a mpumulo

Mukakolola musautaye munda. Masamba otsalawo ndi amene akubweza chakudya m'thunthu ndi m'mizu, ndipo mphukira za Okutobala zidzadya chimenecho. Thirirani mokwanira tsiku lotsatira. Kumbani ngalande yosaya mbali imodzi ya mzere, theka la mita kuchokera pa thunthu, thiranimo manyowa owolerana a khola, ndowa imodzi pa mtengo, n'kukwirira. Chaka chamawa mudzakumbe mbali inayo. Manyowa aawisi amatentha mizu ndi kukoka chiswe. Kungani mawaya amene alefuka, sinthani mizati yodyedwa, ndipo mitengo imene inabereka mofooka kapena masamba ake anafiira ndi kupindika msanga muimange kansalu kuti muidziwe podulira. Pakatha masabata atatu kapena anayi, nolani chodulira, Okutobala wafika.